Mendulo ya mu thiranki ya agogo: K25,000 kapena K80 miliyoni?

Ya lero ndi yaitali, ndiye amene muli padoko kudikira mabwato pezani pokhala. Amene muli pa chilimira mudzawerenga mukatuluka.

Sabata ziwiri zapitazo mnzanga amene tinakulira limodzi ananditumizira chithunzi pakati pa usiku. Pachikhatho chake pali chinthu chozungulira, chotuwa, kukula kwake ngati pansi pa kapu ya tiyi. M'munsi analemba kuti: "Aise, zanga zayera. Injini ija ndagula basi." Dzina lake ndi mudzi wake sinditchula, poti mukudziwa zimene zimachitika anthu akangomva kuti nyumba yakuti muli chuma cha azungu.

Nkhani yake ndi iyi. Ankasamutsa katundu wa agogo ake aakazi, chifukwa khoma la nyumba linang'ambika kuchokera nthawi ija madzi a nyanja anakwera mpaka kufika pakhonde. Pansi pa thiranki yachitsulo anapeza kansalu komanga mfundo, m'kati mwake muli kabokosi kofiira kothetheka, ndipo m'kabokosimo ndi momwe munali chinthucho. Asanandiuze n'komwe ine, anali atachiika kale pa Facebook, ndipo anthu awiri anali atatchula kale mtengo. Woyamba ndi mkulu uja amazungulira pa njinga kugula zitsulo zakutha ndi mabatire. Anachikweza m'manja, n'kunena kuti ndi chitsulo wamba koma poti ndi chakale apereka K25,000 pompo. Wachiwiri anaimba foni, mawu ake aulemu kwambiri. Akuti mendulo ngati imeneyo ili ndi mekyule wofiira m'kati, pali bwana wakunja amene akuifuna pa K80 miliyoni, koma choyamba mnzangayo atumize K150,000 yoti abweretsere makina oyezera kuchokera ku Lilongwe.

Wachiwiriyu tithane naye msanga. Mekyule wofiira kulibe. Bodza limeneli lazungulira mayiko ambiri kwa zaka zambiri, lero amati ali mu simbi yakale ya makala, mawa mu sitovu ya Primus, mkuja mu khobidi lobowola pakati lija la nthawi ya Chitaganya, la njovu ziwiri. Munthu wofuna kukugula katundu sayamba ndi kukupempha ndalama. Zake zathera pomwepo. Amene anandisowetsa tulo ndi wa njinga uja, chifukwa iye ndalama anali nayo m'thumba, ndipo munthu woti wakhala mwezi wathunthu mwera ukumuletsa kulowa m'madzi K25,000 amaiona ngati yambiri.

Ndinapita ndekha kukaiona. Chinthu choyamba chimene ndinamuuza mnzangayo ndi chakuti tisayambe ndi funso la ndalama zingati, tiyambe ndi lakuti n'chiyani. Ndipo mendulo ubwino wake imanena yokha, bola muiwerenge.

Poyamba anzake ankati ndi ndalama yakale. Ayi. Ndalama imapangidwa kuti igule zinthu, ndipo zambiri zimalembedwa mtengo wake, shiling'i kapena peni. Iyi palibe pamene palembedwa mtengo, ndipo kulemera kwake sungayende nayo m'thumba kupita kumsika. Ilibenso kakolowekero pamwamba kolowetsapo riboni, kusonyeza kuti si ya pachifuwa ngati za asilikali. Ndi mendulo yachikumbutso, yopangidwa kuti izikhala m'kabokosi.

Mbali imodzi pali nkhope ya mayi wachikulire, wayang'ana kumanzere, wafunda nsalu kumutu ndipo pamwamba pali kachisoti kachifumu. Mozungulira m'mphepete mwalembedwa chonchi:

VICTORIA ANNVM REGNI SEXAGESIMVM FELICITER CLAVDIT XX IVN. MDCCCXCVII

Chimenechi ndi Chilatini, ndipo pamene mukuona V pakati pa mawu muziwerenga U. Tanthauzo lake n'lakuti Victoria watsiriza bwino chaka cha 60 cha ufumu wake pa 20 June. Zilembo zomalizazo ndi chaka, m'manambala a Chiroma aja tinkadana nawo ku pulayimale: M ndi 1000, D ndi 500, CCC ndi 300, XC ndi 90, VII ndi 7. Phatikizani. 1897.

Mukatembenuza mupeza nkhope ya mtsikana, tsitsi lomangidwa kumbuyo, m'munsi muli nthambi ya masamba ndi chaka cha 1837. Kumanzere ndi kumanja kwa nkhopeyo kuli mawu ena a Chilatini otengedwa m'buku la Miyambo, mutu 3 ndime 16. Amene muli ndi Baibulo pafupi tsegulani muone chifukwa chake anasankha vesi imeneyo kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali chonchi pampando. Mnzangayo ankaganiza kuti ndi mayi ndi mwana wake. Ndi munthu mmodzi. Victoria anabadwa mu 1819, analowa ufumu wa Britain pa 20 June 1837 ali ndi zaka 18, ndipo pofika 1897 anali atakhala pampando zaka 60, kuposa mfumu ina iliyonse ya dziko limenelo m'mbuyomo. Chikondwerero chake anachitcha Diamond Jubilee. Pa 22 June 1897 kunali mdipiti waukulu mu London, asilikali ochokera m'mayiko olamulidwa ndi Britain akuguba, ndipo mapemphero a ku St Paul's anachitira panja chifukwa gogoyo miyendo inali itatha, sakanatha kukwera masitepe a tchalitchi. Anakhala m'ngolo yake ya akavalo mpaka mapemphero kutha.

Mendulo imeneyi anaipanga a Royal Mint, malo opangira ndalama za boma la Britain, omwe nthawi imeneyo anali ku Tower Hill mu London. Nkhope yachikulireyo ndi ntchito ya Thomas Brock, yomweyo inali pa ndalama za Britain kuyambira 1893. Yachitsikanayo ndi ya William Wyon, amene anajambula Victoria pa ndalama zoyamba za ufumu wake. Amene anasema chidindo cha menduloyo ndi George William de Saulles. Anaipanga m'masaizi awiri: yaikulu ya mamilimita pafupifupi 56 ndi yaing'ono ya mamilimita 26. Yaikulu inalipo ya golide, ya siliva ndi ya mkuwa, yaing'ono ya golide ndi ya siliva.

Tsono apa ndi pamene nkhope ya mnzanga inayamba kugwa. Mendulo zimenezi sizinali mphoto. Zinkagulitsidwa kwa aliyense amene anali ndi ndalama, ngati momwe lero mumagulira chitenje cha chikumbutso. Zazikulu za siliva zokha anapanga zoposa 27,000, zazing'onozo ndiye zikwi mazana awiri ndi kuposa. Ndipo poti anthu ankazisunga m'timabokosi osazigwiritsa ntchito, zambiri zilipobe mpaka lero. Ku Britain wogulitsa ndalama zakale aliyense anaionapo, mwina ali nayo mu shelefu. Chinthu chikhoza kukhala ndi zaka zoposa 125 koma osakhala chosowa, ndipo osunga zakale amalipira kwambiri kusowa, osati ukalamba wokha.

Tisanafike pa mtengo, taganizani kaye kuti kuno kunali zotani mu 1897, London ikuvina. Dziko lino linali lisanatchedwe Nyasaland, dzina limenelo linabwera mu 1907. Linkatchedwa British Central Africa Protectorate. Harry Johnston, amene Mangochi inatengera dzina lake lakale la Fort Johnston, anali atangochoka, Alfred Sharpe ndiye anatenga malo ake. Utsi wa nkhondo unali usanathe bwino. Anthu a Makanjira anapha Captain Maguire mu December 1891, ndipo nkhondo ya kutsidyako inapitirira mpaka 1895. Mlozi anapachikidwa ku Karonga mu December 1895. Inkosi Gomani anaphedwa mu 1896. Nkhondo za m'mbali mwa nyanjazi zinatseka njira za malonda a akapolo, zimenezo tisakane, koma m'mbuyo mwake munabwera msonkho wa nyumba, mashiling'i 3 pachaka.

Ine ndinachita kasamu kena komwe kanandikhalitsa chete. Shiling'i ya Britain ya nthawi imeneyo inali ya siliva weniweni, yolemera magalamu 5.66. Mendulo ya mnzangayi ndi siliva wa mtundu womwewo, magalamu 84. Ndiye kuti mutasungunula mashiling'i 15 ndi pamene mungapeze mendulo imodzi. Mashiling'i 15 ndi msonkho wa nyumba imodzi wa zaka 5. Makolo athu ankayenda wapansi kupita ku minda ya khofi ya ku Blantyre ndi Zomba, ena kusenza mitolo ya Mandala pamutu, kuti apeze mashiling'i 3 aja nyumba isatenthedwe, pamene wina ku London anatenga siliva wa zaka 5 za msonkhowo n'kumutsekera m'kabokosi kuti aziyang'ana Lamulungu. Mukadzadutsa pa Mangochi boma, pafupi ndi mlatho, imani pa nsanja ya wotchi ija. Inamangidwa pokumbukira Victoria yemweyu atamwalira mu January 1901. Pambali pake pali mfuti ya sitima yankhondo ya Guendolen. Ambirife timangokwererapo kabaza osayang'ana m'mwamba.

Tibwerere pa mphasa. Kudziwa kuti mendulo ya mtunduwu ilipo si kudziwa kuti yathuyi ndi yeniyeni. Pali za mkuwa zimene anthu ena anazipaka siliva pamwamba. Palinso zambirimbiri za chaka chomwecho zimene matauni ndi masukulu a ku Britain ankagawira ana, zopangidwa ndi chitsulo chotchipa chotuwa ngati cha malata, zambiri zobowola pamwamba. Zimenezo zithunzi zake ndi zina, ndipo n'zopepuka. Ndiye tinaiyeza, ndipo zida zake zonse zili m'mudzi mwanu momwemo.

Tinayamba ndi rula ya mwana wa sukulu: masentimita 5 ndi theka kupitirira pang'ono. Zagwirizana. Kenako maginito a mu sipika yakufa ya wailesi. Sanagwire, ndipo siliva sagwira maginito. Koma musasangalale msanga apa, chifukwa mkuwa nawonso sugwira. Maginito amangokuchotserani chitsulo wamba, zimene zinakwanira kutsutsa mkulu wa njinga uja. Tinapemphanso kachidutswa ka ayezi kwa anyamata onyamula chambo kupita ku Limbe. Titaika pamwamba pa mendulo kanayamba kusungunuka ngati taika pa chiwaya, ndipo mendulo yonse inazizira nthawi yomweyo mpaka m'mphepete. Palibe chitsulo chimene chimayendetsa kutentha msanga kuposa siliva. Komabe mkuwa umatsatira pafupi, ndiye ayezi yekha si umboni wokwanira.

Umboni weniweni ndi wa sikelo ndi madzi, ndipo uwu ugwireni bwino chifukwa umagwira ntchito pa mphete, chibangili, chilichonse. Mufunika kasikelo kakang'ono ka batire kamene kamawerenga mpaka 0.1 ya galamu. Ife tinabwereka kwa mnyamata amene anakhalako kokumba golide. Sikelo ya nsomba kapena ya chimanga siingathandize. Choyamba yezani mendulo ili youma. Yathu inawerenga magalamu 84.0, ndipo zenizeni zimakhala cha pomwepo, kusiyana galamu imodzi kapena awiri. Kenako ikani kapu ya madzi pasikelo, dinani batani kuti ibwerere pa 0. Mangani mendulo ndi ulusi wopyapyala wa ukonde, muimize yonse m'madzimo muli chigwirire ulusiwo, isakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala imene sikelo iwerenge ndi kulemera kwa madzi amene mendulo yakankha, ndipo ndiko kukula kwa thupi lake. Yathu inawerenga 8.1. Tsopano gawani: 84 kugawa ndi 8.1, yankho ndi 10.37.

Nambala imeneyo ndiye dzina la chitsulocho. Siliva wa ndalama zakale za Britain amatuluka pakati pa 10.3 ndi 10.4. Mkuwa umatuluka chapafupi ndi 8.9, ngakhale aupake siliva wonyezimira bwanji. Chitsulo chotuwa chotchipa chija chimagwera cha m'ma 7. Mtovu umapitirira 11. Golide wa mendulo zotere amapitirira 17, ndiye ngati wina akuonetsani yachikasu n'kumati ndi golide, kapu ya madzi imuyalutsa. Madala anga anali pomwepo akuonerera ulusi wawo ukugwira ntchito ya sayansi. Anaitenga mendulo, kuikweza m'manja kawiri, n'kunena kuti pa mbedza ya kampango ingamire bwino. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo.

Musadandaule mukapanda kupeza nambala ya 925 kapena kachidindo ka mkango kamene kamakhala pa masipuni a siliva a ku England. Pa mendulo iyi sanaikepo. Ndipo chonde, munthu asakuuzeni kuti apale m'mphepete ndi tupa kapena adonthezere asidi wa batire kuti aone m'kati. Akatero wakuonongerani katundu, kenako iye yemweyo adzakuuzani kuti ndi woonongeka, atsitse mtengo.

Kunena za kuononga, ife tinachedwa ndi tsiku limodzi. Mlongo wake wa mnzangayo ataona kuti chinthucho chada, anachita zimene mtsikana aliyense wolongosoka wa kunyanja amachita ndi poto wakuda: phulusa ndi mchenga. Mwamwayi anangotsuka mbali imodzi, ya Victoria wachitsikana, agogo n'kumulanda. Panopa mbali imeneyo ikuwala ngati sefuliya yatsopano, koma mukaipendeketsa padzuwa pali timizere tambirimbiri todutsa patsaya. Timeneto sitidzachokanso. Kuda kuja si litsiro, ndi mtundu umene siliva amatenga pang'onopang'ono akakhudzana ndi mpweya, ndipo ogula zakale amaukonda chifukwa umasonyeza kuti chinthucho sichinaseweretsedwe. Kwa iwo mendulo yakuda yosakhudzidwa imaposa yowala yokwechedwa. Ndinamumvera chisoni mtsikanayo, ankafuna kuthandiza. Inunso mukapeza chotere musachitsuke ndi chilichonse, kaya mandimu, kaya Colgate, kaya Vim. Chigwireni m'mphepete, chikulungeni m'nsalu youma.

Tsopano mtengo. Mendulo ngati iyi ili ndi mitengo iwiri yosanjikizana. Wapansi ndi wa siliva amene ali m'kati mwake, ndipo umenewu aliyense akhoza kuwerengera. Siliva wake ndi uja amati sterling, kutanthauza kuti pa magawo 1000 aliwonse, 925 ndi siliva, otsalawo ndi mkuwa wolimbitsira. Ndiye 84 kuchulukitsa ndi 0.925 ndi magalamu 77.7 a siliva yekhayekha. Pamsika wa dziko lonse siliva amagulitsidwa pa muyezo wotchedwa troy ounce, womwe ndi magalamu 31.1. Gawani 77.7 ndi 31.1, mupeza 2.5. Basi sungani nambala imeneyo: mendulo yaikuluyi ndi ma ounce awiri ndi theka. Lowani pa intaneti, lembani silver price per ounce, chimene mupeze tsiku limenelo chulukitsani ndi 2.5. Tingoyerekeza kuti mwapeza madola 40, ndiye kuti madola 100. Mukapeza 60, ndi madola 150. Mtengowu umakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake sindikukupatsani nambala imodzi yoti muziyenda nayo. Sinthani madolawo kupita ku makwacha pa mtengo uliwonse umene mukuudziwa, wa kubanki kapena winawo, muona nokha kuti K25,000 ija inali kugula chambo pa mtengo wa usipa. Mkulu wa njinga uja poikweza m'manja anadziwa chimene wagwira.

Mtengo wachiwiri ndi umene osunga zakale amaonjezera pamwamba pa siliva. Umenewu umadalira kusowa kwa chinthucho, maonekedwe ake, ndi ngati kabokosi kake koyambirira kalipo. Pa kusowa tanena kale, n'zambiri. Pa maonekedwe, mbali imodzi yapita ndi mchenga. Kabokosi kofiira kachikopa kaja ndi kake kenikeni, ndipo ngakhale kathetheka musakataye, kamaonjezera kenakake. Kuti muone zimene anthu amalipiradi, lembani pa intaneti Victoria Diamond Jubilee 1897 silver medal 56mm, muonjezere BHM 3506 kapena Eimer 1817. Amenewo ndi manambala ake m'mabuku awiri amene ogulitsa mendulo za Britain amagwiritsa ntchito, la Laurence Brown ndi la Christopher Eimer. Koma chenjerani apa, pagwa anthu ambiri. Mtengo umene munthu walemba pa eBay kuti akufuna si mtengo wa chinthucho. Inenso ndikhoza kulemba kuti bwato la madala anga ndi K50 miliyoni. Yang'anani zimene zinagulidwa kale, pa eBay pali posankha Sold items, ndipo makampani a okushoni a ku London monga Noonans ndi Spink amaonetsa mitengo imene katundu anapitira. Mukatero mupeza kuti yabwinobwino ya m'kabokosi imapitirira mtengo wa siliva wake, koma osati kutalitali. Ndi nkhani ya mapaundi zana kapena mazana ochepa, osati zikwi. Yokwechedwa ngati yathuyi imatsikira kufupi ndi mtengo wa siliva basi.

Ndiye chotsaniponso za panjira. Wosula mphete wa mu Limbe kapena Lilongwe sangakupatseni mtengo wonse wa siliva, nayenso afuna phindu. Okushoni ya kunja imadula gawo lake, kutumiza kumadya ndalama, ndipo musanapatsire m'bale wa ku Joni kapena ku UK kuti akagulitse, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act lokhudza zinthu zakale. Yambani mwafunsa ku Dipatimenti ya Museums and Monuments kusiyana n'kukalandidwa pa bwalo la ndege. Mwachidule ndinamuuza mnzangayo kuti: amwene, apa pali ndalama yooneka, mwina yokonzera ukonde ndi kugula mafuta a maulendo angapo, koma Yamaha 15 palibepo. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye bwanji agogo amati inachokera kwa Queen?"

Funso limenelo ndi limene linandisangalatsa kuposa zonse. Tinapita kukakhala nawo pakhonde.

"Agogo, mendulo ija inabwera bwanji pakhomo pano?"

"Ndi ya bambo anga imeneyo. Anakaitenga kwa Queen Victoria."

"Anapita ku Ulaya, agogo?"

"Aaa, iwe mwanawe, ku Ulaya akatani? Ankaphika mu sitima. Mzungu wake popita kwawo ndiye anawasiyira."

"Sitima yake iti?"

"Ya Mandala. Inkapita ku Karonga."

Victoria sanapondepo pa Africa moyo wake wonse, ndiye zoti anapereka ndi dzanja lake n'zosatheka. Adzukulu ndi amene anakometsera nkhaniyo mpaka kufika poti mkuluyo anapulumutsa Mfumukazi m'madzi. Koma tamverani bwino mawu a agogowo. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, inali ndi sitima zake panyanja pano. Ina inali Domira. Ina, imene inayamba kuyenda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, dzina lake inali Queen Victoria. Ine maganizo anga ndi akuti mkuluyo ankati "ndinaitenga mu Queen Victoria", kunena sitima, ndipo pakamwa pa ana "mu" anasanduka "kwa". Mwana wa zaka 6 akumva bambo ake akutchula dzina limenelo, pamendulo pali nkhope ya mayi wovala chisoti, angaganize chiyani? Nditawafunsa ngati dzina la sitimayo linali limenelo, agogo anaseka n'kunena kuti, "Kaya, mwina. Ife tinkangoti ya Mandala." Wophika wa mu sitima, mzungu amene anabwera ndi chikumbutso chake kuchokera kwawo, tsiku lotsanzikana padoko: nkhani imeneyi kwa ine ikumveka yoona kuposa ya kupulumutsa Mfumukazi, ndipo ndi yathu, ya panyanja pano.

Tsoka lake n'lakuti pa menduloyo palibe dzina la munthu. Zachikumbutso sizilembedwa mayina, ndiye ikangochoka pakhomo paja n'kulowa m'thumba la wogula, yasanduka imodzi mwa 27,000 zija, za wophika uja zathera panjira. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi mtundu wina wa mendulo umene ndikukhulupirira kuti uli m'mathiranki ambiri kuno kuposa uwu: za asilikali. Zimenezo n'zazing'ono, mamilimita 36, zili ndi kolowetsa riboni, ndipo chofunika kwambiri chili m'mphepete mwake mopyapyalamo. Itembenuzeni chammbali muwerenge. Mupeza nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake, ndi gulu lake, monga 1/KAR kapena 2/KAR, magulu a King's African Rifles a kuno. British War Medal ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi ya siliva, ili ndi George V kutsogolo ndi munthu wokwera kavalo kumbuyo. Central Africa Medal inaperekedwa chifukwa cha nkhondo za m'ma 1890 ndatchula zija. Africa General Service Medal ina ili ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa Nyasaland 1915, ya amene anatumidwa kukathana ndi kuukira kwa John Chilembwe. Imeneyo kuigwira m'manja mtima umachita zina, koma ndi mbiri yathu ndithu. Mendulo zotere mtengo wake sutsatira kulemera kwa siliva. Umatsatira dzina ndi nkhondo yake, ndipo ziwiri zomalizazi zikhoza kuposa yaikulu ya Victoria ija ngakhale zili zochepa thupi. Wogula zitsulo zakutha akakupatsani mtengo wa pasikelo pa imeneyo, wakuberani kawiri. Za nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, zimene agogo athu ambiri anabwera nazo kuchokera ku Burma, zambiri si za siliva ndipo zambiri zilibe mayina, ndiye pa zimenezo chofunika ndi kabuku ka usilikali kapena pepala lililonse limene linali nazo limodzi.

Za mnzanga uja zinatha chonchi. Agogo anati ali moyo mendulo sichoka pakhomo, akadzapita adzukulu adzaone okha. Ine sindingamuweruze akadzaigulitsa tsiku lina, njala ya dzinja timaidziwa tonse, bola adzaigulitse akudziwa kuti ndi ma ounce awiri ndi theka. Tinatenga pepala la m'kope, tinalemba dzina la bambo awo a agogo, mudzi wawo, ntchito yawo ya mu sitima ya Mandala, mawu a agogo momwe anawanenera, kulemera kwa mendulo ndi tsiku limene tinayeza. Agogo anadinda chala ndi inki ya bolopeni. Pepalalo talipinda, lili m'kabokosi kofiira limodzi ndi mendulo, ndipo thiranki yasamukira kwina. Chithunzi cha pa Facebook anachotsa. Wa K80 miliyoni uja anaimbanso kawiri, ulendo wachiwiri anatsitsa ndalama ya makina kufika pa K60,000.

Amene muli ndi zotere kwanu, nditumizireni ku inbox, osati pagulu. Zithunzi zitatu: kutsogolo, kumbuyo, ndi m'mphepete, rula ili pambali, mujambule panja pamthunzi osayatsa flash. Ngati mwapeza sikelo lembaninso magalamu. Makamaka ndikufuna za mayina m'mphepete, ndione ngati tingapeze asilikali a KAR a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno. Mnzanga uja za injini wabwerera ku banki m'khonde, akuti mwina pofika nyengo ya usipa wa chaka chamawa.